Kachunidwe ka kiyibodi ya ngati chisa cha njuchi ija

Amene mumaimba kiyibodi mukwaya kuno ku Chipata mukudziwa kuti octave ili ndi makiyi 12, oyera 7 akuda 5, basi. Koma tengani kalimba ya agogo kumudzi muyese kuiperekeza, mupeza mawu ena akugwera pakati pa makiyi awiri, ndiye anthu amathamangira kunena ati kalimba yasochera, pamene ayi ndithu, kiyibodi ndiyo ilibe mawuwo. Apa mpamene imathandiza kiyibodi ya mabatani a makona 6, yooneka ngati chisa cha njuchi. Yotchuka ndi Lumatone, mabatani 280 oyaka mitundumitundu, mtengo wake osafunsa nkomwe, koma pulogalamu ya Terpstra keyboard ilipo yaulere pa intaneti, pa tabuleti kaya laputopu imagwira bola kabandulo kalipo.

Choyamba sankhani kuti octave muidula pangati. Octave ndi masenti 1200 (osati a ndalama, ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pa kiyibodi wamba sitepe iliyonse ndi 100. Mukadula pa 19 sitepe ndi 63, pa 31 ndi 38.7, pa 53 ndi 22.6. Ine ndimati yambani ndi 31 chifukwa third yake, kuchoka pa C kufika pa E, imakhala 387 pamene yoyera yeniyeni ndi 386, ya kiyibodi yakutchalitchi ija ndi 400, ndiye kodi ya C ukaigwira pa 31 imangoti phee osanjenjemera.

Manje nkhani yonse yagona pa manambala awiri chabe. Muuze pulogalamu kuti ukasuntha batani limodzi kumanja mawu akwere masitepe angati, ukatsikira kumanja chammunsi akwere angati. Pa 31 ikani 5 kumanja, 3 chammunsi, ndiye chakumwamba kumanja chimadzipeza chokha kuti ndi 2. Yesani masamu: do re mi ili ndi ma tone 5 ndi ma semitone 2, 5 kasanu ndi 25, kuonjeza 3 kawiri yakwana 31. Ikapanda kukwana mwalakwitsa penapake. Pa 19 ndi 3 ndi 2, pa 53 ndi 9 ndi 4. Kayalidwe aka si kadzulo, Bosanquet wa ku England anapanga harmonium ya 53 mzaka za m'ma 1870.

Kukoma kwake nkuti chala sichisintha. C mwagwira, E ali mabatani awiri kumanja, G ali atatu kumanja kenako limodzi chammunsi. Dzanja lomwelo linyamuleni mukaliike paliponse, ndi kodi ya major basi, olo amayi oyambitsa nyimbo ayambire pamwamba bwanji inu mungosuntha mkono, za transpose iwalani.

Mitundu ya mabatani musaipeputse, mungasochere ngati mlendo mumsika wa Kapata. Pa 31 C# ndi Db si mawu amodzi ayi, C# ndi sitepe 2, Db ndi 3. Oyera 7 apatseni mtundu wao, ma sharp 7 wina, ma flat 7 wina, 10 otsalawo ndi ma double sharp ndi ma double flat, apatseni yoderako.

Pomwe ambiri amagwa mpakuti Lumatone payokha siimba, imangotumiza manambala a MIDI (onena batani lomwe mwadina), wochuna ndi synth, pulogalamu yotulutsa mawu mu kompyuta. Tengani synth ya Surge XT, ndi yaulere, muipatse fayilo ya Scala ya .scl, yomwe ndi mndandanda wa kachunidwe. Mutha kuilemba nokha mu Notepad: mzere woyamba dzina, wachiwiri 31, kenako masenti 38.71, 77.42 mpaka mmunsi, womaliza 2/1. Kadontho kaja musakaiwale, nambala yopanda kadontho imawerengedwa ngati ratio (monga 2/1 uja) osati masenti, ine tsiku lina ndinalemba 387 chabe, zomwe zinatuluka mu sipika agalu anauwa. China, channel imodzi ya MIDI ili ndi manotsi 128, pa 31 ndi ma octave anayi okha ndi kanyenyeswa, mukafuna ambiri gawani mabatani pa ma channel angapo.

Za kalimba ija, tsegulani tuner ya pafoni pamalo a zii, lizani kiyi iliyonse mulembe masenti ake, muwaike mu .scl momwe alili osawaongola. Masitepe akakhala osafanana dzanja likhala lomwelo koma kodi izimveka mosiyanako malinga ndi pomwe mwayambira, musati mwaononga, agogo anaichuna choncho.