Momwe mungakhazikire pansi mitima ya ana m'kalasi ndi nyimbo komanso kupuma modekha

Ana akamalowa kuchokera ku buleki, wina amakhala akulira kuti am'landa chigumu, awiri akukankhana pakhomo, ndipo pakona pali mtsikana amene wangoti duu kuyambira m'mawa. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'Malawi muno, choncho mphunzitsi sangacheze ndi mwana aliyense payekha. Komatu bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la mavutowa limayamba pofika zaka 14. Njira ili m'munsiyi imatenga mphindi 5 zokha, ndipo sifuna magetsi, wailesi kapena ndalama.

Choyamba, uzani mphunzitsi wamkulu, a komiti ya sukulu ndi amayi a mother group zimene mukufuna kuchita. Kholo likamva kuti ana akumakhala chete atagwira pamimba, lingaganize kuti mwabweretsa chipembedzo chachilendo. Afotokozereni poyera kuti ndi kuyimba, kumvetsera ndi kupuma basi, ndipo mwana wachikhristu ndi wachisilamu akhoza kuchita limodzi. Kenako sankhani nthawi imodzi yosasinthasintha. Pochokera ku buleki kapena akangomaliza kumwa phala ndi pabwino kwambiri.

Chachiwiri, yambani ndi phokoso. Ambiri amalakwitsa apa, chifukwa amalamula ana amene angochoka kothamangitsana kuti akhale chete nthawi yomweyo, mapeto ake mphindi zonse zimathera kukalipa. Inu tsogolerani nyimbo yamasewera imene anawo amaidziwa kale, ya mtundu uja woti mmodzi atsogola ena avomera. Aombe m'manja, agogode madesiki, amene akukhala pansi amenye m'ntchafu. Ngati pali chisekese kapena botolo lapulasitiki lothiramo timiyala, mupatseni mwana amene amavuta kwambiri, chifukwa wopatsidwa udindo wosunga kugunda kwa nyimbo sapeza mpata wotsina anzake.

Nyimbo ikakolera, yambani kuibweza pang'onopang'ono. Ulendo wachiwiri ayimbe motsitsa mawu ndi mochedwerapo. Wachitatu asiye kuomba m'manja. Wachinayi atseke pakamwa, nyimbo izingomveka kuti mmm. Phindu lenileni lili pamenepa: munthu akamayimba mokoka mawu amatulutsa mpweya kwa nthawi yaitali kuposa imene anaukokera, ndipo mpweya ukamatuluka pang'onopang'ono mtima umachepetsa liwiro. Ana amakhala ayamba kale kupuma modekha inu musanawauze n'komwe.

Chachitatu ndi kumvetsera. Gogodani kamodzi kachitsulo kolira bwino, ndipo muwauze kuti aliyense akweze mkono akamva kuti kulirako kwatheratu. Mikono ikakwera, afunseni kuti akumvanso chiyani chakutali. Wina anena mbuzi, wina chigayo, wina njinga yamoto ya kabaza. Palibe yankho lolakwa. Chimene mukuwaphunzitsa ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi chimene chikuchitika panopa, m'malo mozungulirazungulira pa mkangano wa kunyumba kapena mayeso a mawa.

Chachinayi, aike dzanja pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno inu mukuwerenga mpaka 3, autulutse ndi pakamwa mpaka 5, ngati akuuzira phala lotentha. Kasanu n'kokwanira. A Sitandade 1 ndi 2 muwalekeze pa katatu, kupitirira apo ayamba kuseka, ndipo akaseka musakwiye.

Musakakamize mwana kutsinzina. Amene sakufuna angoyang'ana pansi kapena m'manja mwake. Mwana amene anaonapo zoopsa, maso akatsekeka zonse zimabwerera. M'maboma monga Blantyre, Mulanje ndi Phalombe muli ana amene anaona matope ndi miyala zikukokolola nyumba pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000, ndipo ambiri anagona m'makalasi omwewo atasandutsidwa misasa. Kwa mwana wotere, mvula ikangoyamba kulira pa malata thupi limanjenjemera. Tsiku lotero musayese n'komwe zokhala chete. Popeza mawu anu samvekanso, imani kutsogolo n'kuyamba kuomba m'manja mwa kachitidwe kosavuta, iwo azibwereza, mpaka kalasi yonse igundire pamodzi.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira kuti zikhale zazifupi ndiponso zoyambira pa nyimbo? Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, wotsogoleredwa ndi a yunivesite ya Oxford, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14 m'sukulu zoposa 80 anatenga nawo mbali, ndipo ena mwa iwo anaphunzitsidwa kukhazika maganizo pansi monga phunziro la m'kalasi. Zinapezeka kuti maganizo awo sanakhale bwino kuposa a anzawo amene anaphunzira mwa masiku onse, ndipo ambiri sankayeserera kunyumba. Ine ndikuona kuti chinthuchi chikasanduka phunziro lina lolemba notsi, ana amatopa nacho. Nyimbo safunika kuwanyengerera. Ngati mukufuna nthawi yotalikirapo, ilipo kale mu Expressive Arts ndi Life Skills, kumene ana akuluakulu akhoza kupeka okha mawu a nyimbo zonena za mantha a mayeso a Sitandade 8 a PSLCE, mkwiyo kapena kusowa mnzako.

Chachisanu, gwiritsani ntchito maso anu pamene iwo akuyimba. Musanatsegule buku, auzeni aonetse chala chachikulu pachifuwa: m'mwamba ngati ali bwino, cham'mbali ngati zili pakatikati, pansi ngati zavuta. Dzanja likhale pachifuwa, asalikweze m'mwamba, kuti anzawo asaone. Musafunse aliyense pagulu. Dikirani poweruka, mumuitane pamalo oonekera koma pomwe ena sakumva, n'kumufunsa mofatsa kuti, "Mwanawe, lero sunayimbe nawo, kwagwanji?" Akakana kulankhula musiyeni, mudzafunsenso mawa.

Nyimbo si mankhwala, ndipo pali zizindikiro zofuna thandizo loposa la mphunzitsi. Mwana akakhala wosasangalala kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, akasiya kudya ndi kusewera, akayamba kujomba, kudzivulaza kapena kunena zofuna kufa, uzani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo ndipo mukambirane ndi makolo kuti apite naye kuchipatala cha boma chapafupi. Kumeneko akhoza kumutumiza kwa odziwa za matenda a maganizo, monga ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati mwana waulula kuti akuchitidwa nkhanza kunyumba, musayambire kwa amene akumuzunzayo. Imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, kapena kaneneni ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu ngakhalenso ku Victim Support Unit ya apolisi.