Momwe mungakonzekere sabata yogona pa boti n'kumalowa pansi pa nyanja kukaona makorali

Pa ulendo woterewu mumagona pa boti ndi kudyera momwemo, ndipo boti limasamuka usiku kupita kutanthwe lina la makorali. Mumalowa m'madzi katatu kapena kanayi patsiku, pafupifupi ka 20 pa sabata. Mumafika kumalo amene maboti obwerera tsiku lomwelo safikako, koma zikutanthauzanso kuti chipatala chili kutali, pomwe nayitulojeni (wochokera mu mpweya umene mumapuma pansi pa madzi) ndi kutopa zikuunjikana m'thupi tsiku ndi tsiku. Kukonzekera kwanu konse kuyambire pamenepo.

1. Sankhani malo olingana ndi luso lanu

Satifiketi ya Open Water, ya PADI kapena SSI (mabungwe ophunzitsa kulowa pansi pa madzi), imakulolani kutsika mamita 18 okha. Ya Advanced Open Water imakufikitsani pa mamita 30, ndipo maboti ambiri amafuna imeneyi. Ku Egypt, njira yakumpoto kwa Red Sea ili ndi malo ambiri otetezeka ku mafunde komanso sitima yomira ya Thistlegorm, imene inaphulitsidwa mu 1941. Kumwera, ku Brothers, Daedalus ndi Elphinstone, khoma la makorali limatsika molunjika ndipo madzi amakoka mwamphamvu, n'chifukwa chake makampani ambiri amafuna munthu amene analowapo m'madzi ka 50. Musawonjezere nambala m'buku lanu lolembamo maulendo a m'madzi kuti akulandireni. Wokutsogolerani adzazindikira tsiku loyamba lomwelo, ndipo amene adzavutike ndi mnzanu wolowa naye.

Onaninso nyengo. Zilumba za Similan ku Thailand zimatsekedwa kuyambira pakati pa May mpaka pakati pa October. Ku Maldives nyanja imakhala yabata kuyambira December mpaka April, ndipo ku Raja Ampat ku Indonesia maboti ambiri amayenda kuyambira October mpaka April.

2. Musanalipire, funsani za chitetezo cha boti

Ambiri amayang'ana zithunzi za zipinda n'kuiwala zimenezi. Pa 2 September 2019 boti la Conception linapsa usiku pafupi ndi chilumba cha Santa Cruz ku California, ndipo anthu 34 amene anagona m'chipinda cha pansi anafa. Ofufuza anapeza kuti panalibe mlonda woyendayenda usiku umenewo. Choncho lemberani kampaniyo mufunse ngati pali munthu amene amachezera usiku wonse akuyendera boti, ngati chipinda chilichonse chili ndi alamu ya utsi, komanso ngati kuchokera ku zipinda za pansi kuli njira ziwiri zotulukira. Funsaninso kuchuluka kwa okosijeni wothandizira wovulala, ndi maola amene angatenge kukafika kuchipatala chokhala ndi chipinda cha recompression, chothandizira anthu amene nayitulojeni wapanga timathovu m'thupi mwawo. Kampani yoyankha mozemba musayende nayo.

Inshuwalansi ya paulendo wamba nthawi zambiri siilipira ngozi za pansi pa madzi. Gulani yapadera, monga ya DAN (bungwe loona za chitetezo cha olowa pansi pa madzi), ndipo werengani kuya kumene imalekezera.

Ngati mumachita nseru panyanja, pemphani chipinda cha pansi chapakati pa boti, pomwe sipagwedezeka kwambiri. Mankhwala a nseru ayeseni muli kunyumba, chifukwa ena amagonetsa.

3. Zida

Regulator, chipangizo chopumira mpweya wa m'thanki, ipititseni kwa okonza kutatsala mwezi umodzi, kenako kaiyeseni mu damu losambirira. Zolakwika za wokonza zimaonekera mukangoyamba kuigwiritsa ntchito, ndipo pa boti palibe sitolo. Funsani ngati mathanki awo ali ndi mavavu a DIN kapena a yoke kuti mutenge cholumikizira choyenera. Kompyuta ya pamkono ikhale yanuyanu, yosabwerekana, chifukwa imawerengera nayitulojeni wa m'thupi la munthu mmodzi. Tenganinso batire lake lapadera, masiki achiwiri, lamba wapadera wa mafini, matochi awiri a usiku, ndi SMB (chibaluni chachitali chimene mumatumiza pamwamba kuti akuoneni) yokhala ndi chingwe chake.

Wetsuit (chovala choteteza ku kuzizira m'madzi) ya mamilimita 3 imakwanira m'madzi a madigiri 28, koma kumbukirani kuti pofika tsiku lachinayi thupi limayamba kuzizidwa msanga. Ku Red Sea m'miyezi ya January ndi February madzi amatsika kufika madigiri 22, ndipo pamafunika ya mamilimita 5 kapena 7. Zovala zochepa zimakwanira, nsapato amazisunga mukangokwera, ndipo chikwama chofewa n'chabwino kuposa sutikesi yolimba chifukwa chimapindika.

Ngati mulibe satifiketi ya nitrox, itengeni musananyamuke. Nitrox ndi mpweya wowonjezeredwa okosijeni: wa okosijeni 32 peresenti uli ndi nayitulojeni wochepa, zimene zimathandiza kwambiri mukamalowa kanayi patsiku. Koma uli ndi malire ake: musapitirire mamita 33, chifukwa okosijeni wochuluka pakuya angakuchititseni khunyu muli m'madzi. Okosijeni wa m'thanki iliyonse muzimuyeza nokha ndi kachipangizo ka pa boti, kulemba nambalayo ndi kuikonza mu kompyuta.

4. Tsiku loyamba

Akamafotokoza za chitetezo, pitani mukatsegule nokha chitseko cha pangozi, muone pamene pali jekete yoyandamitsa. Mabatire a kamera ndi matochi muzitchaja pamalo amene akusonyezani, muli maso, osati m'chipinda mutagona.

Kulowa koyamba kumakhala pamalo osaya kuti muyese kulemera. Madzi amchere amayandamitsa kuposa opanda mchere, choncho mungafunike mtovu wowonjezera makilogalamu 2 kapena 3. Muli pamwamba pa madzi, tulutsani mpweya wonse mu BCD (jekete yopopa mpweya imene mumalowa nayo m'madzi), kokani mpweya monga mwa masiku onse n'kuugwira: madzi alekeze m'maso. Mukautulutsa muyambe kumira pang'onopang'ono. Ngati thanki ili yodzaza, onjezerani makilogalamu ena 2, chifukwa mpweya ukamatha thanki imapepuka ndipo mudzalephera kuima pa mamita 5. Mtovu ukachuluka miyendo imalendewera, mafini amamenya makorali, mpweya umatha msanga.

5. Kulowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku

Mvetserani malangizo a malo aliwonse: kumene madzi akukokera, khoma likhale kudzanja liti, ndi kumene kaboti kochokera pa boti lalikulu kadzakutengereni. Thanki ya malita 12 imadzazidwa mabaa 200 (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'thanki). Uzani wotsogolera mukafika pa 100, ndipo pofika pamwamba mukhale ndi 50. Yambani ndi malo akuya m'mawa, masana ndi usiku muzipita posaya. Kompyuta imaonetsa mphindi zimene zakutsalirani pa kuya kumene muli; musamadikire kuti zifike pa ziro. Mukaona kuti kwatsala mphindi 5, kwerani pang'ono. Pokwera musapitirire mamita 9 pa mphindi, ndipo imani mphindi 3 pa mamita 5. Mamita asanu omalizawo ndi amene mpweya umafufuma kwambiri, choncho musawathamangire.

Madzi akakukokani kukuchotsani pa khoma, musalimbane nawo. Khalani ndi mnzanu, tumizani SMB pamwamba muli pa mamita 5 kapena 6 kuti woyendetsa kaboti akuoneni mukadali pafupi. Chingwe chake musachimangirire pathupi, chikakodwa chingakukwezeni mwadzidzidzi. Mukasiyana ndi mnzanu, mufunefuneni kwa mphindi imodzi, kenako kwerani.

Makutu ndi amene amasokoneza ulendo wa anthu ambiri. Atseguleni musanamve kupweteka, kuyambira pa mita yoyamba. Akakana, kwerani pang'ono muyesenso, osakakamiza. Mukatuluka, atsukeni ndi madzi opanda mchere ndi kuwaumitsa, apo ayi ngalande ya khutu imatupa. Muli ndi chimfine musalowe. Imwani madzi ambiri, ndipo mukalawa mowa, tsiku limenelo kulowa kwatha. Pakati pa sabata dumphani ulendo umodzi mugone, thupi lichotse nayitulojeni.

6. Makorali

Makorali ndi tinyama tamoyo, ndipo akuluakulu obulungira amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Chimene fini imathyola kamodzi chimatenga zaka kuti chibwerere. Mangani mapaipi onse asamalendewere, yandamani mopingasa, ndipo musagwire kanthu. Izi zimatetezanso inu: fire coral imawotcha khungu, ndipo stonefish, nsomba ya minga yaululu, imaoneka ngati mwala. Munga wa stonefish kapena lionfish ukakulasani, viikani malowo m'madzi otentha osapitirira madigiri 45 kwa mphindi 30 mpaka 90, kenako muonane ndi dokotala. Ku Maldives amagwiritsa ntchito mbedza yokolera pa tanthwe madzi akamakoka. Ikoleni pa mwala wakufa wokha.

7. Zizindikiro zoopsa ndi ulendo wobwerera

Kupweteka m'phewa kapena m'chigongono, dzanzi, zidzolo zamawangamawanga pamimba, chizungulire, kapena kutopa kosadziwika bwino, zonsezi zingakhale matenda a decompression, pamene nayitulojeni wapanga timathovu m'thupi. Angabwere ngakhale kompyuta sinadandaule. Ambiri amabisa poopa kusokoneza anzawo, koma kuchedwa ndiko kumalumalitsa. Uzani ogwira ntchito nthawi yomweyo, gonani chagada, pumani okosijeni 100 peresenti, ndipo musabwererenso m'madzi ngakhale ululu utatha.

DAN imalangiza kudikira maola osachepera 18 musanakwere ndege mutalowa kangapo kapena masiku angapo otsatizana. Pambuyo pa sabata yathunthu, dikirani maola 24, ndipo muwerengere zimenezi pogula tikiti. Msewu wokwera mapiri umachitanso chimodzimodzi ndi ndege. Zizindikiro zikayamba muli kale kumtunda, imbani nambala ya pangozi ya inshuwalansi yanu ndipo tengani kompyuta yanu popita kuchipatala, kuti dokotala aone kuya ndi nthawi ya maulendo anu onse.