Munthu akavulala pa phiri la Mulanje, musaiwale kumufunditsa

Anzanga okwera phiri, magaidi, mapotala ndi inu amayi otola nkhuni mmwamba muja, tikambirane za munthu amene wavulala kutali ndi chipatala. Ambulansi siikwera ku Chambe kapena ku Chisepo, pamwamba pa phiri paja. Kuchoka pa Likhubula, mmunsi mwa phiri, kukafika ku Chambe ndi maola atatu kapena anayi munthu uli bwinobwino, nde taganizani kutsika njira yomweyo mutanyamula mnzanu pa machira. Maola onsewo adokotala ndinu nomwe.

Chimene ambiri sitichiganizira ndi kuzizira. Timanyamuka pansi thukuta lili kamukamu, kamalaya kamodzi basi, kuiwala kuti pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6, ndipo Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ili pa mamita 3,002. Mu June ndi July udzu umachita kuyera ndi chisanu mmawa, chiperoni chikabwera nde ngakhale mnzako amene ali patsogolo pakopo sumuona. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera cha ku Sapitwa ali yekha, mtembo anaupeza patadutsa masabata, ndipo chinamupha ndi kuzizira komweku.

Tsono munthu wothyoka mwendo sayenda, thupi lake silikupanganso kutentha kokwanira, wangogona pa mwala wonyowa ndipo mwalawo ukumuyamwa kutentha konse pamene inu nonse maso ali pa mwendo. Yalani kaye zikwama, udzu wouma kaya majuzi pansi pake, muvuleni zonyowa mumuveke zouma, kumutu chipewa, kunja kwake mumukulunge ndi pulasitiki kuti mphepo isalowe. Ine mchikwama mwanga simusowa majumbo awiri aakulu akuda aja otayira zinyalala, anthu amaseka koma salemera ndipo amagwira ntchito ya renikoti.

Muziyang'anana mukamayenda. Wina akayamba kunjenjemera, kupunthwapunthwa, kuyankhula ngati waledzera, zipi ya jekete kumukanika kutseka, ameneyo kuzizira kwamulowa. Akasiya kunjenjemera koma thupi likadali zii komanso akuodzera, musati wapeza bwino ayi, zafika poipa, mugonekeni ndipo pomunyamula muzichita pang'onopang'ono chifukwa mtima wozizira sufuna kugwedezedwa. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino mpatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri. Kachasu ayi chonde. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafundidwa pamene kutentha kwa mkati kukuthawa. Osamutikitanso manja ndi miyendo, tenthetsani pachifuwa ndi mkhwapa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga mu nsalu.

Magazi akamatuluka pindani chitenje choyera, kanikizani pabala mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira, chikanyowa sanjikizani china pamwamba. Akasiya tsukani ndi madzi akumwa ambiri. Dothi, phulusa, mankhwala otsukira mano, zimenezo pabala ayi.

Fupa likathyoka musalimbane ndi kuliwongola. Pezani timitengo tiwiri, yalani nsalu mkati kuti tisamudye khungu, mangani mopitirira mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi, kenako muzigwira zala za kuphazi pafupipafupi, zikazizira kapena kuchita dzanzi nde kuti mwamanga kwambiri, masulani pang'ono. Koma amene wagwa patali ndipo akudandaula khosi kapena msana, kaya akuti miyendo sakuimva, musamudzutse pokhapokha ngati pamalopo pali ngozi ina. Wina agwire mutu usatembenuke, enanu mufunditseni pomwepo.

Za njoka, makamaka mphiri mnjira za mmunsi. Kutema ndi lezala, kuyamwa ndi pakamwa, kumanga mphira mpaka mwendo kuda bii, zonsezi siyani, mphirayo ndi imene imadulitsa anthu miyendo. Vulani mphete ndi nsapato kutupa kusanayambe, mwendo umangidwe ngati wothyoka, munthuyo asayende, ulendo wa kuchipatala. Njokayo isiyeni, musaonjezere wodwala wachiwiri.

Machira mutha kupanga ndi mitengo iwiri yolimba yolowetsa mmatumba a feteleza obowola kumunsi, kapena mmikono ya majekete otseka zipi. Yesani kaye ndi munthu walunga. Anthu anayi sakwana pa zitunda zimene zija, pamafunika osinthana, ndipo ngati kwada kapena chifunga chatseka bola kukagona pa kanyumba ka alendo kapafupi, alonda alipo ndi moto ulipo. Namondwe Freddy mu March 2023 anagumula malo ambiri, njira zina sizili mmene munazisiyira, komanso mtsinje wodzadza osawoloka ndi wodwala.

Netiweki imapezeka pamalo ena okwera okha, nde tumizani meseji chifukwa imadutsa ngakhale kuimba kukukanika. Ikavuta tumani anthu awiri, osati mmodzi, atenge kapepala kolemba malo amene muli, nthawi imene ngozi yachitika, chimene chavulala ndi chiwerengero cha anthu amene mwatsala. Munthu wothamanga kuchokera mmwamba ku Thuchila amafika pansi ali wefuwefu, umufunse kuti wathyoka mwendo uti iye osakumbuka.