Momwe mungaphatikizire kafukufuku womwazikana wa phiri la Mulanje

Kafukufuku wa mu 2017 adapeza kuti mitengo yokhwima ya mkungudza yotsala pa phiri la Mulanje inali 7 yokha. Kuchokera apo mbande zadzalidwa zambiri, koma mukafunsa kuti zikugwira pati ndipo zikufa chifukwa chiyani, aliyense amayankha za mbali yake. Wina ali ndi buku la mvula, wina mapu a moto, wina chiwerengero cha mbande ku nazale. Sanakhalepo pa tebulo limodzi.

Kukhazika anthu otere pamodzi ndiyo ntchito ya malo ophatikizira kafukufuku, monga NCEAS ya ku Santa Barbara ku America yomwe idayamba mu 1995, sDiv ya ku Leipzig ku Germany ndi CESAB ya ku Montpellier ku France. Malowa sakupatsani ndalama zokwerera ku Sapitwa kukayeza zatsopano ayi. Amalipira ulendo ndi pogona kuti kagulu ka anthu 10 kapena 15 kakumane kangapo, n'kufinya zomwe zidalembedwa kale. Mukafuna kuyesa mwayi, nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, khalani ndi funso limodzi lopapatiza. "Chilengedwe cha Mulanje" ndi mutu wa msonkhano, si funso. Funso ndi ili: mbande za mkungudza zimapulumuka bwino ku Chambe kapena ku Lichenya, ndipo chimazipha kwambiri ndi moto kapena chilala?

Chachiwiri, chitani kalondolondo wa amene akusunga chiyani. Yambani ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust, kenako a Tea Research Foundation ku Mimosa ndi maesiteti a tiyi, poti mvula amailemba tsiku ndi tsiku. Ku Zomba kuli FRIM (bungwe lofufuza za nkhalango) ndi National Herbarium (mosungira zitsanzo za zomera), ku Thyolo kuli yunivesite ya MUST, pa intaneti pali GBIF, nkhokwe ya dziko lonse lapansi ya zolemba za zamoyo. Musaiwale operekeza alendo a pa Likhubula. Moto ukadutsa kapena macheka akalira, iwo ndi amene amadziwa khwawa lake.

Chachitatu ndiye pagona nkhani. Musanapemphe tsamba ngakhale limodzi, gwirizanani polemba kuti manambalawo mwini wake ndani, ndani angawagwiritse ntchito, ndipo dzina la ndani lidzaoneka pa zotsatira. Ambiri amaumira mabuku awo osati chifukwa cha nkhanza, koma adapsapo kale: adapereka ntchito ya zaka zambiri, pepala n'kutuluka kunja popanda dzina lawo. Munthu wotere simungamunyengerere ndi alawansi. Muuzeni kuti alowa m'gulu ngati mnzanu, osati ngati wobweretsa katundu.

Chachinayi, yeretsani zomwe mwatolera. Ntchito yotopetsa iyi, ndipo imadya nthawi kuposa zonse. Buku lakale lidalemba mvula m'mainchesi, latsopano m'mamilimita. Wina walemba 03/04 kutanthauza 3 April, mnzake March 4. Ine ndidatsegulapo buku lina la mvula mu ofesi ina, n'kupeza chiswe chitadya mwezi wonse wa February. Pamenepo musiye mpata, musalembe ziro, chifukwa ziro akutanthauza kuti mvula sinagwe. Samalaninso ndi mayina. Kwa zaka zambiri mkungudza wathu, Widdringtonia whytei, unkaphatikizidwa ndi mnzake Widdringtonia nodiflora yemwe amameranso m'phirimo, mpaka akatswiri adawalekanitsa mu 1997. Zolemba zakale zingakhale zikunena za mtengo wina. Pa fayilo iliyonse lembani amene adayeza, malo, chaka ndi njira yoyezera.

Chachisanu, lembani pempho. Malo ophatikizira kafukufuku aja amalengeza pa mawebusayiti awo nthawi yolandira mapempho, ndipo ena amafuna kuti m'gulu mukhale wofufuza wa dziko lawo, choncho mnzanuyo mupezeni msanga. Sakanizani anthu: wa nkhalango, wa zanyengo, wa masamu, wophunzira wa digiri yachiwiri, ndi wina wodziwa za anthu a m'midzi yozungulira phiri. Onetsani kuti manambala muli nawo kale m'manja, si lonjezo.

Yankho limachedwa, ndipo opempha ndi ambiri. Podikira, itanani anayi kapena asanu pa boma Loweruka lina, aliyense abwere ndi buku lake, wina laputopu, muyambe ndi mvula ya March 2023 pomwe namondwe Freddy adagumula mapiri kuno.