Vinyo wofiira wosakaniza wa ku Bordeaux ndi Stellenbosch: mmene mungamumvere kukoma

Vinyo wofiira wolemera wa ku Bordeaux m'dziko la France, komanso wa ku Stellenbosch ku South Africa monga Meerlust Rubicon, amapangidwa posakaniza mitundu ingapo ya mphesa. Mphesa ya Cabernet Sauvignon imabweretsa mphamvu ndi tanini, chija chimaumitsa m'kamwa ngati tiyi wopanda mkaka yemwe masamba akhalitsamo. Merlot imafewetsa, Cabernet Franc imawonjezera fungo. Migolo ya mtengo wa oak, momwe vinyoyu amasungidwa, imasiyamo kafungo ka vanila ndi utsi.

Chimene chimamuwononga kwambiri ndi kutentha. Amafuna madigiri 16 mpaka 18, koma m'nyumba zathu m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira 25. Zikatero mowa wake, womwe umakhala 13.5 mpaka 14.5 peresenti, umakwera m'mphuno n'kuphimba fungo la zipatso. Ikani botolo m'firiji kwa mphindi 20 kapena 30 musanatsegule. Musapitirize, chifukwa akazizira kwambiri tanini amawawa ndipo fungo limabisala.

Ngati vinyoyo sanakwanitse zaka zisanu, mutsanulireni m'jagi yagalasi yoyera, adikire mphindi 30 mpaka ola. Mpweya umathandiza kuti fungo lake lituluke. Wakale kwambiri mutsanuleni pang'onopang'ono kuti nsenga zitsale m'botolo, ndipo musamudikiritse. Thirani gawo limodzi mwa atatu a tambula kuti muzitha kumuzunguza.

Mafuta ndi mchere za nyama yang'ombe kapena yambuzi yowotcha zimafewetsa tanini. Tsabola wa kambuzi ayi: amakulitsa kuyaka kwa mowa. Chambonso sichigwirizana naye, chimasiya kakomedwe kachitsulo m'kamwa.

Wotsala mutsekeni bwino, asungidwe m'firiji, mumumalize pasanathe masiku atatu kapena asanu.