Makanema a kumudzi pa TV ya pabalaza: kuwatumiza kuchokera pa kompyuta popanda nthambo

Ambiri amene tili kunja kuno laputopu zathu zadzaza ndi makanema a kumudzi. Muli chinkhoswe cha mchemwali, ukwati umene sitinakhalepo chifukwa kuntchito anatimana tchuthi, mwambo wa maliro a agogo, kwaya ya kumpingo kwathu, ana akuvina pa tsiku lotsekera sukulu. Tinaonera kamodzi pa kafoni, aliyense payekha, basi nkhani inathera pomwepo. Koma makanema otere amakoma mukaonera pamodzi pa TV yaikulu, ana obadwira kuno akuloza ndi kufunsa kuti awo ndi ndani, inu mukuyankha kuti amenewo ndi amalume anu. Ndipo nthawi zambiri simufunika kugula kalikonse, chifukwa TV ndi kompyuta zimene muli nazo zimatha kale kulankhulana kudzera pa Wi-Fi ya m'nyumba.

Mfundo yoyamba imene imachotsa mantha ndi ya bandulo. Kanema akamachoka mu kompyuta kupita pa TV amangodutsa pa rauta ya m'nyumba mwanu, satuluka kupita pa intaneti. Abale a ku Joni amene mumagula deta pang'onopang'ono, kanema wa ukwati wa maola atatu sadya bandulo yanu mukamuonera m'njira imeneyi. Chimene chingakudyereni deta ndi TV yeniyeniyo ikayamba kudzikonza yokha potenga mapulogalamu atsopano, choncho lowani mu Settings ya TV ndi kuzimitsa Auto Update ngati deta yanu ndi yowerengeka.

Musanadine chilichonse, tsimikizani kuti kompyuta ndi TV zili pa Wi-Fi imodzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Rauta zambiri zimatulutsa netiweki ina ya alendo yokhala ndi mawu akuti Guest, ndipo zipangizo za pa netiweki imeneyo zimaloledwa kupita pa intaneti koma siziloledwa kuonana. M'nyumba zogona ophunzira a kuyunivesite ndi m'nyumba zina za lendi zimene mwininyumba anaikamo Wi-Fi ya onse, zipangizo amazitsekera mwadala kuti zisaonane. Mukakhala malo otere mukhoza kuvutika usiku wonse, TV osaiona kompyuta, pamene vuto silili mwa inu. Njira yake ndi kukhala ndi karauta kanukanu m'chipinda, kapena kuyatsa hotspot pa foni n'kulumikizapo zonse ziwiri. Ngati mumagwiritsa ntchito VPN pa laputopu, izimitseni kaye, chifukwa zambiri zimabisa kompyuta kwa zipangizo zina za m'nyumba. Pomaliza, pa Windows lowani mu Settings, kenako Network & internet, muone ngati Wi-Fi yanu yalembedwa kuti Private. Ikakhala Public, kompyuta imadziyesa kuti ili pa malo a anthu ambiri ngati pabwalo la ndege, ndipo imabisala.

Njira imene ine ndimauza anthu kuti ayambe nayo ndi ya DLNA, imene imalola TV kutsegula mafayilo a mu kompyuta kudzera pa netiweki ya m'nyumba. Ndi yakale, bungwe limene linaikhazikitsa linayamba mu 2003 ndipo linatha mu 2017, koma TV zambiri za Samsung, LG, Sony ndi Hisense zimaidziwabe. Pa Windows 10 kapena 11 tsegulani Control Panel, lembani mawu akuti media streaming m'kabokosi kofufuzira, sankhani Media streaming options, kenako dinani Turn on media streaming. Ipatseni dzina losavuta kulizindikira. Makanema anu aikeni mu foda ya Videos, nyimbo mu Music, zithunzi mu Pictures. Mukatero tengani rimoti, dinani batani la Source kapena Input, ndipo dzina lija lioneka pamodzi ndi HDMI ndi USB. Pa TV zina limapezeka mu pulogalamu yotchedwa Media Player kapena Media. Mukalowamo musankha kanema ndi rimoti muli chikhalire pampando. Mukhozanso kuyambira ku kompyuta: dinani fayilo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Cast to Device, kenako dzina la TV yanu. Pa Windows 11 mawuwa amabisala pansi pa Show more options. Nthawi yoyamba TV imafunsa ngati mukuloleza kompyutayo, vomerani.

Pano mundimvetsere bwino, makamaka amene mukugawana nyumba ndi anthu ena. DLNA ilibe pasiwedi. Aliyense amene ali pa Wi-Fi yomweyo akhoza kutsegula mafoda atatu aja pa TV kapena pa foni yake. Ife a kunja foda ya Pictures timaisandutsa kabati yosungira mapepala: chithunzi cha pasipoti, pemiti, kalata ya ntchito, risiti ya ndalama zimene tatumiza kumudzi. Zimenezi zichotseni muziike mu foda ina musanayatse chilichonse. Pa tsamba lomwe lija la Media streaming options pamaoneka mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili pa netiweki, ndipo mukhoza kuloleza TV yanu yokha n'kutsekera zina zonse. Chitani zimenezo tsiku loyamba lomwelo. Kanema wa maliro a mayi anu si woti aonedwe ndi mlendo wa m'chipinda choyandikana.

Mac ilibe DLNA yakeyake. Amene muli ndi Mac mukhoza kuikamo pulogalamu yaulere ya Universal Media Server, kapena kugwiritsa ntchito AirPlay, njira ya Apple yotumizira kanema pa TV, imene kuyambira mu 2019 imapezeka pa TV zambiri za Samsung, LG ndi Sony.

Palinso njira yongoonetsa pa TV chilichonse chimene chili pa sikirini ya laputopu. Pa Windows mumadina batani la Windows ndi K nthawi imodzi, n'kusankha TV. Ndi yabwino poonetsa zithunzi zochepa kapena chikalata cha ndondomeko ya ndalama pa msonkhano wa gulu la Amalawi. Pa kanema wautali sindiikonda. Chithunzi chimachepa mphamvu, mawu nthawi zina amasemphana ndi milomo, ndipo uthenga uliwonse umene walowa pa laputopu umaonekera kwa alendo onse pabalaza.

Nanga TV ikakhala yakale yopanda Wi-Fi, monga zimene ambiri timagula kwa anthu tikangofika? Bola ikhale ndi polowetsera HDMI. Kachipangizo konga Amazon Fire TV Stick, Roku kapena Chromecast kamalowa pamenepo n'kuipatsa TV zonse zimene ikusowa. Google inasiya kupanga Chromecast mu 2024 ndipo inabweretsa Google TV Streamer m'malo mwake, koma zakale zikugwirabe ntchito ndipo zimapezeka zotchipa kwa amene akugulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Kuti mutumize kanema ku Chromecast, ikani pulogalamu yaulere ya VLC pa kompyuta, tsegulani kanema, pitani pa Playback, kenako Renderer, musankhe dzina la Chromecast. Dziwani kuti Chromecast imafuna intaneti kuti idzuke bwinobwino ngakhale kanemayo akuchokera m'nyumba momwemo, ndiye kwa munthu amene bandulo imamuthera pakati pa mwezi, DLNA ndi yodalirika kuposa iyo. Pa Fire TV Stick mukhoza kuika VLC pa kachipangizo komweko, ndipo imaona mafayilo amene kompyuta ikugawa.

Makanema akachuluka, kufufuza m'mafoda ndi rimoti kumatopetsa. Apa ndi pamene Jellyfin kapena Plex zimathandiza. Mumaika pulogalamu pa kompyuta, mumaiuza foda imene muli makanema, n'kuika inzake pa TV. Zonse zimaoneka mwadongosolo, ndi tizithunzi tozindikiritsa, ndipo imakumbukira pamene munalekezera dzulo. Ine ndimakonda Jellyfin, imene inayamba mu 2018, chifukwa ndi yaulere yonse, sifuna kulembetsa ku kampani iliyonse, ndipo munthu aliyense m'nyumba mukhoza kumupatsa dzina ndi pasiwedi yake. Mukamaliza kuiika, tsegulani localhost:8096 pa Chrome kapena Edge ndi kutsatira mafunso. Ikafunsa mtundu wa zimene zili mu foda, sankhani Home Videos and Photos, apo ayi iyamba kufufuza pa intaneti n'kupatsa ukwati wa achimwene anu dzina ndi chikuto cha filimu ya ku America. Pa TV idzafuna adiresi ya kompyuta, imene mumaipeza polemba ipconfig mu Command Prompt, ndipo imakhala manambala onga 192.168.1.20. Plex imapezeka pa TV zamitundu yambiri kuposa Jellyfin, koma imafuna akaunti, ndipo kuyambira mu 2025 kuonera muli kutali ndi nyumba kumalipiritsa. Kuonera m'nyumba momwemo pa TV sikulipiritsa.

Tsopano vuto limene limatipeza ife kwambiri: TV yaiona kompyuta, fayilo ikuoneka, koma mukaidina ikulemba kuti singathe kuisewera, kapena chithunzi chikubwera popanda mawu. Makanema athu amachokera kosiyanasiyana. Ojambula maukwati zaka zapitazo ankapereka ma DVD, ndipo mukatsegula chimbalecho pa kompyuta mumapeza foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo a VOB oduladula. Zimbale zakale kwambiri za VCD, zimene makwaya ambiri ankatulutsirapo nyimbo, zimakhala ndi mafayilo a DAT mu foda ya MPEGAV. Mbali inayi, ma iPhone kuyambira mu 2017 amajambula mu mtundu wa kanema wotchedwa HEVC, umene TV zakale siziudziwa. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kusandutsa fayiloyo kuti ikhale MP4 ya H.264 ndi mawu a AAC, chifukwa imeneyo pafupifupi TV iliyonse imaisewera. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imachita zimenezi. Mumaipatsa fayilo kapena foda yonse ya VIDEO_TS, mumasankha Fast 576p25 ngati ndi DVD ya kumudzi kapena Fast 1080p30 ngati ndi kanema wa foni, n'kudina Start Encode. Pa laputopu yakale zimatenga nthawi, isiyeni usiku ili pa chaja. Mafayilo a VOB oduladula aja amatuluka ali kanema mmodzi wathunthu. Kwa amene muli ku America ndi ku Canada pali phindu lina: ma DVD a ku Malawi amajambulidwa mu dongosolo la kanema lotchedwa PAL pamene makina ambiri a kumeneko amatsata lina lotchedwa NTSC ndipo amawakana, koma mukasandutsa kukhala MP4 vutolo latha. Ngati laputopu yanu ilibe polowetsera chimbale, DVD drive ya USB ndi yotchipa, ndipo mukhoza kubwerekana pagulu. Musazengereze ntchitoyi, zimbale zowotcha pa kompyuta zimawonongeka zikakhalitsa.

Achibale akamatumiza kanema watsopano, apempheni atumize pa WhatsApp ngati Document. Akatumiza mwachizolowezi WhatsApp imamufinya kuti achepe, ndipo amene ankaoneka bwino pa foni amakhala mbuu pa TV ya mainchesi 55, nkhope osazindikirika. Akatumizidwa ngati Document amadutsa momwe alili, mpaka 2GB pa fayilo imodzi. Zimenezi zimadya bandulo yambiri kumudziko, ndiye muwagulire bandulo inuyo musanawapemphe.

Kanema akamaimaima, yang'anani Wi-Fi. Rauta zambiri zili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma imafooka ikadutsa makoma, ya 2.4 GHz imafika patali koma m'mafulati imapanikizana ndi za anthu oyandikana nawo. M'nyumba za njerwa za ku Britain, rauta ikakhala pansi pafupi ndi khomo pamene TV ili m'chipinda chapamwamba, vuto limakhala limeneli. Kanema wa DVD amayenda bwino ngakhale pa Wi-Fi yofooka, koma wa 4K wojambulidwa pa iPhone amatha kufika 400MB pa mphindi imodzi, ndipo amafuna 5 GHz yamphamvu. Njira yachidule ndi kuika laputopu pafupi ndi rauta n'kuzilumikiza ndi nthambo ya Ethernet, TV yokha n'kutsala pa Wi-Fi. Kanema akaduka pakati osabwereranso, kawirikawiri ndi laputopu imene yagona tulo. Lowani mu Control Panel pa gawo la Power Options muiuze kuti isagone ikakhala pa chaja, ndiponso kuti isagone mukatseka chivindikiro.

Nkhani ya layisensi ya TV imasiyana dziko ndi dziko, ndipo ndi bwino kuidziwa chifukwa palibe mlendo amene amafuna kalata ya kukhoti. Ku Britain kuonera mafayilo anuanu ochokera pa kompyuta sikufuna TV Licence. Koma mukangoyamba kuonera wailesi ya kanema pa nthawi yomwe ikuulutsa, layisensi ikufunika, ngakhale ikhale MBC, Times kapena Zodiak kudzera pa intaneti, ndipo mu April 2025 mtengo wake unafika pa £174.50 pa chaka. Ku Ireland ndi ku South Africa lamulo limayang'ana kukhala ndi TV m'nyumba, kaya mukuonerapo chiyani: €160 pa chaka ku Ireland, R265 ku South Africa. Ku Germany nyumba iliyonse imalipira €18.36 pa mwezi ngakhale mulibe TV.

Mukamaliza kusandutsa ndi kusanja makanema, apatseni mayina omveka okhala ndi chaka ndi malo, monga 2016 Chinkhoswe Ntcheu, m'malo mwa manambala aataliatali amene foni imalemba. Kenako akopereni onse pa hard drive yapadera imene simuyenda nayo m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndipo mukapeza munthu wopita kumudzi mumupatsire fulashi ya makanema omwewo kuti akasiye kunyumba.