Momwe mungasankhire mzinda wosamukirako osathera malipiro pa minibasi

Ambiri akafuna kusamukira m'tauni amangofunsa kuti lendi ndi zingati. Amaiwala kuti landilodi amabwera kamodzi pa mwezi, pomwe kondakitala amatambasula dzanja m'mawa ndi madzulo omwe.

Choyamba, tengani kope muwerengere. Lembani lendi, pansi pake ndalama ya thiransipoti ya tsiku limodzi, kupita ndi kubwera, muichulukitse ndi 22 ngati mumaweruka Lachisanu, kapena 26 ngati mumagwiranso Loweruka. Onjezani ya ana a sukulu. Zimene zatuluka pamenepo ndiye mtengo weniweni wa nyumbayo. Musiyenso kampata, chifukwa bungwe la MERA likangokweza mtengo wa mafuta, a minibasi sadikira kuti kuche.

Chachiwiri, dziwani momwe mzinda uliwonse unakhalira. Lilongwe, likulu la dziko kuyambira 1975, ndi womwazika: Old Town kwina, City Centre ndi Capital Hill kwina, mafakitale a ku Kanengo kumpoto uko. Minibasi zambiri zimathera pa depoti ku Old Town, ndiye amene wapeza nyumba yotchipa ku Area 36 kapena kwa Chinsapo, ntchito ili ku Kanengo, azikwera ziwiri popita, ziwiri pobwera. Munthu wotere bola afune nyumba ku Area 25, ngakhale lendi itakwererako.

Blantyre ndi wothinana pakati pa mapiri, ndipo kuthinanako kumathandiza thumba. Anthu ambiri a ku Ndirande amapita wapansi kuntchito ku Makata kapena ku Ginnery Corner, a ku Bangwe ali kufupi ndi Limbe. Mzuzu ndi Zomba ndi mizinda yaing'ono: kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 221,000 ku Mzuzu ndi 105,000 ku Zomba, pomwe Lilongwe anali ndi 989,000. Ku Mzuzu ndi ku Zomba njinga yakapalasa ikhoza kukukwanirani, kungoti ntchito za m'makampani n'zochepa. Musasamukireko chifukwa chongomva kuti moyo ngotchipa, ntchito kapena bizinesi musanaipeze.

Chachitatu, njirayo muiyese nokha. Imani pa siteji 6 koloko m'mawa, tsiku la ntchito, muone ngati minibasi zikufika zili ndi malo. Funsani a kabaza momwe msewu umakhalira mu Januwale, matope akavuta, pakuti mtengo wawo nawo umasintha ndi mvula.

Chachinayi, za madzi ndi magetsi funsani amayi oyandikana nawo, osati eni nyumba. Madzi ambiri a ku Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire, pa Walker's Ferry, kukwera mtunda, motero malo okwera ndiwo amayamba kuuma mipopi. Mita ya ESCOM ikakhala yogawana mabanja anayi, dziwiranitu kuti mkangano wa mayunitsi ukudikirani. Ndipo nyumba ya m'mbali mwa phiri kapena m'khwawa, ingatchipe chotani, isiyeni. Zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023 sitinaiwale.

Mukakhutira, m'pamene mutulutse ndalama. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, dobadoba nayenso amafuna yake. Musatumizire munthu ndalama pa foni nyumba musanailowe n'kuona denga, chimbudzi ndi maloko. Perekani kwa mwini wake pamaso pa mboni, akulembereni lisiti.